Boyila ya nkhuni yomwe imawotcha ndi utsi womwe: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri akayamba kuganiza zotenthetsa nyumba ndi boyila ya nkhuni ya mtundu wa gasification. Tayamba ndi ophweka, ozama ali kumunsi. Madigiri onse otchulidwa muno ndi a Celsius, ndipo tikati "yuniti" tikunena kWh imodzi, muyezo womwe uja timagulira magetsi.

Kodi boyila imeneyi ndi chiyani kwenikweni?

Ndi ng'anjo yachitsulo, yotalika pafupifupi kufika m'chifuwa mwa munthu, yomwe m'makoma ake mumayenda madzi. Nkhuni zikamayaka madziwo amatentha, ndipo pampu imawakankha m'mapaipi kupita ku marediyeta, zitsulo zotenthetsa m'zipinda, kapena ku mapaipi oyalidwa pansi pa simenti, kapenanso ku thanki ya madzi osamba. Siikhala pabalaza ngati chitofu choothera. Imakhala m'chipinda chakechake kapena m'kanyumba kapadera.

Maboyila a nkhuni alipo amitundumitundu. Iyi imasiyana ndi inzake pa chinthu chimodzi: nkhuni imaziwotcha kawiri. Poyamba imazitenthetsa ndi mpweya wochepa kuti zitulutse gasi, kenako gasiyo imakamuwotcha m'chipinda china pa moto waukali zedi. Mawu oti gasification akungonena zimenezo, kusandutsa chinthu cholimba kukhala gasi woyaka.

Mukuti utsi umayaka? Zimatheka bwanji?

Yesani izi. Yatsani kandulo, isiyeni iyake pang'ono, kenako muizime pouzira. Utsi woyera uja ukamakwera, yandikizani machesi oyaka pamwamba pa chingwe koma osachikhudza. Moto umatsika ndi utsiwo mpaka kandulo n'kuyakanso. Utsi si chinyalala cha moto ayi, ndi chakudya cha moto chomwe chathawa chisanadyedwe. Mukagwira mfundo iyi, zina zonse za boyilayi zimveka zokha.

Chikuni chikaikidwa pamoto chimadutsa magawo atatu. Mpaka pa madigiri 100 chimangotulutsa madzi, n'chifukwa chake chikuni chachiwisi chimalira ndi kuchita thovu kunsonga. Kuyambira pa madigiri 200 mpaka 300 thupi la mtengo limayamba kuphwasuka n'kutulutsa carbon monoxide, hydrogen, methane ndi nthunzi ya phula. Chotsala ndi khala, lomwe limanyeka pang'onopang'ono lopanda malawi ambiri. Chodabwitsa n'chakuti pa kulemera kwa chikuni chouma, pakati pa 70 ndi 80 peresenti chimachoka ngati gasi. Khala lija ndi gawo laling'ono chabe. Malawi amene timaona pamoto si mtengo ukuyaka, ndi gasi ameneyu.

Vuto n'loti gasiyu ndi wosankha. Kuti ayake yense amafuna kutentha kopitirira madigiri 600, mpweya wokwanira wosakanikirana naye bwino, ndiponso kanthawi koti akhale pamalo otenthawo. Pamoto wamba zitatuzi sizikumanizana kawirikawiri. Gasi amangokwera, n'kukhudza khoma lozizira kapena mphepo, n'kuzima asanayake. Ndiye timauona utsi uli tolotolo pachumuni, mwaye uli bii m'kati, osadziwa kuti ndi nkhuni zathu zomwe zikupita choncho.

M'kati mwake muli chiyani, ndipo moto umayenda bwanji?

Muli zipinda ziwiri, china pamwamba pa chinzake. Chapamwamba n'chachikulu, ndimo mumalongedzamo nkhuni, kawirikawiri zotalika theka la mita. Pansi pa chipindachi pamakhala makala oyaka, ndipo nkhuni zoyandikana ndi makalawo ndizo zimayamba kutulutsa gasi. Zapamwamba zimangouma ndi kutentha, kudikira nthawi yawo yotsika. Mpweya wolowa muno ndi wochepa dala, wongokwanira kuti makala asazime.

Pakati pa zipinda ziwirizi pali kabowo kopapatiza kozokotedwa m'njerwa yopirira moto. Fani imakoka gasi kudutsa m'makala aja, n'kumulowetsa m'kabowoko. Pomwepo pali timabowo tina tobweretsa mpweya wachiwiri, womwe umakhala utatenthetsedwa kale podutsa m'makoma a ng'anjo. Gasi wotentha akangokumana ndi mpweya umenewu amayaka mwaukali, lawi lake n'kuthamangira m'chipinda chapansi likulira ngati la owotcherera zitsulo. Chipinda chapansicho n'chokutidwa ndi njerwa zosunga kutentha, ndipo mmenemo moto umafika madigiri 1,000 mpaka 1,200. Pa kutentha kotero phula ndi mwaye sizipulumuka.

Kuchoka apo, mpweya wotenthawo umadutsa m'mapaipi ozunguliridwa ndi madzi. M'mapaipimo mumakhala tizitsulo topotana tochedwetsa mpweyawo ndi kuuvundula kuti usiye kutentha kwake m'madzi. Pofika kuchumuni umakhala utatsika kufika madigiri apakati pa 150 ndi 200.

Chanzeru pa kapangidweka n'chakuti moto ndi madzi anazilekanitsa. M'boyila yakale lawi limanyambita khoma lomwe kuseri kwake kuli madzi, ndiye limazizira lisanamalize ntchito. Muno lawi limayamba lamaliza kuyaka pakati pa njerwa zotentha, madzi n'kudzalandira kutentha pambuyo pake.

N'chifukwa chiyani moto wake umayaka choloza pansi?

Pali zifukwa ziwiri. Choyamba, gasi amakakamizika kudutsa m'makala ofiira psuu asanafike pa kabowo kaja, ndipo podutsapo phula lambiri limasweka kukhala gasi wopepuka woyaka msanga. Chachiwiri, moto sukwera kukagwira mulu wonse wa nkhuni nthawi imodzi. Umadya zapansi zokha, zapamwamba n'kumatsika zokha ndi kulemera kwake, choncho moto umakhala wofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Moto mwachibadwa umafuna kukwera, n'chifukwa chake pamafunika fani youkokera pansi.

Imapulumutsadi nkhuni, kapena ndi mawu a otsatsa malonda?

Imapulumutsadi. Boyila yabwino ya mtunduwu, ikamadyetsedwa nkhuni zouma ndipo ili ndi thanki yosungira madzi otentha, imalowetsa m'madzi pakati pa 80 ndi 90 peresenti ya mphamvu yomwe ili m'nkhunizo, ndipo zina zamakono zimadutsako pang'ono pamenepo. Maboyila akale a chipinda chimodzi nthawi zambiri amangofika cha m'ma 50 kapena 60, pamene moto wapoyera wa pachumuni cha m'nyumba umataya mbali yaikulu kwambiri ya kutentha kwake.

Koma manambala a pa pepala la fakitale amapezeka poyesa ndi nkhuni zosankhidwa bwino, moto ukuyaka mwamphamvu zake zonse. Kunyumba kwanu manambalawo adalira zinthu ziwiri zomwe tazifotokoza m'munsimu, kuuma kwa nkhuni ndi thanki. Chimodzi mwa izi chikasowa, mudzakhala mwagula boyila yodula kuti izigwira ntchito ngati yotchipa.

Kodi luso limeneli ndi latsopano?

Ayi. Mu 1799 Philippe Lebon wa ku France analembetsa kale chipangizo chowunikira ndi kutenthetsa pogwiritsa ntchito gasi wochokera ku nkhuni. M'zaka za m'ma 1920 Georges Imbert anakonza ng'anjo yokokera gasi pansi yomangirira pa galimoto, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mafuta atasowa, magalimoto zikwi mazanamazana ku Ulaya ankayendera gasi wa nkhuni. Chidwi chogwiritsa ntchito njirayi potenthetsa nyumba chinakula mafuta atakwera mtengo m'zaka za m'ma 1970. Lero makampani odziwika nawo ndi monga Fröling ndi ETA a ku Austria, HDG ya ku Germany ndi Atmos ya ku Czech Republic.

Imafuna nkhuni zotani?

Zouma. Pa zonse zolembedwa patsamba lino, ngati mungakumbukire chimodzi chokha, chikhale chimenechi. Chinyezi cha m'nkhuni chisapitirire 20 peresenti. Mtengo wongodulidwa kumene theka la kulemera kwake limakhala madzi, nthawi zina kuposa apo.

Tiyeni tiwerengere. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma bwino ili ndi mayunitsi pafupifupi 4. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zaziwisi ili ndi mayunitsi 2 ndi pang'ono, chifukwa theka lake ndi madzi, komanso madziwo amalanda moto kuti asanduke nthunzi. Kutaya kumeneku kulipo pa moto uliwonse. Koma pa boyila iyi pali china choipa koposa: nthunziyo imadutsa pa kabowo komwe kaja, imasungunula gasi ndi kuziziritsa lawi, mpaka moto wa m'chipinda chapansi n'kuzima. Ukazima umenewo, chipinda chapamwamba chimapitiriza kutulutsa gasi wopanda womuwotcha. Zotsatira zake ndi utsi, phula m'mapaipi, fani yomatirira, ndi nyumba yozizira. Anthu ambiri odandaula m'chaka choyamba kuti anagulitsidwa boyila yachabe, vuto limakapezeka pa mulu wa nkhuni.

Ndingadziwe bwanji kuti nkhuni zauma mokwanira?

Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, kokhala ndi timisomali tiwiri tobaya pa mtengo. Musayeze kunja kwa chikuni, chifukwa kunja kumauma msanga n'kukunamizani. Chiwazeni pakati, muyeze pa nkhope yatsopanoyo. Popanda kachipangizoko, zizindikiro zake ndi ming'alu kunsonga, khungwa losendeka lokha, kupepuka, ndi kulira kwa ngwee mukagundanitsa zikuni ziwiri.

Mtengo suuma bwino usanawazidwe. Wazani msanga mukangodula, sanjani pamalo opita mphepo, potukula kuti zisakhudze dothi, mufolere pamwamba pokha m'mbali musiye poyera. Kumayiko ozizira mitengo yofewa imatenga pafupifupi chaka, yolimba ngati oak zaka ziwiri kapena kuposerapo. Izi zikutanthauza kuti nkhuni za chaka choyamba muyenera kuzikonza boyila isanabwere n'komwe.

Mtengo wolimba ndi wofewa, wabwino ndi uti? Nanga zinyalala ndingaponyemo?

Pa sikelo, mitengo yonse youma ili ndi mphamvu yofanana pafupifupi. Kusiyana kuli pa malo amene imatenga. Wolimba ndi wolemera, ndiye m'chipinda chomwecho mumalowa makilogalamu ambiri, moto n'kukhalitsa, ndiponso umasiya makala abwino. Wofewa ngati paini umayaka bwinobwino m'boyilayi ukakhala wouma, kungoti musonkhezera kawirikawiri.

Zikuni zikhale zowaza pakatikati, zokhuthala ngati masentimita 10 mpaka 15. Zikuluzikulu zozungulira zimachedwa kutulutsa gasi, pamene tizidutswa tating'ono tokhatokha timatulutsa gasi wambiri nthawi imodzi woposa mpweya womwe ulipo.

Zinyalala ayi. Mapulasitiki, matabwa opentedwa, othiridwa mankhwala a chiswe kapena omatidwa ndi guluu amatulutsa poizoni amene ngakhale moto wa madigiri 1,000 sungathe kuwachotsa onse, ndipo amadya chitsulo ndi njerwa za boyila. M'mayiko ambiri kuwotcha zotere m'ng'anjo ya pakhomo n'kuphwanya lamulo.

Thanki yosungira madzi otentha ndi yofunikadi? Ikuwonjezera mtengo kwambiri.

Funso ili limabwera kuposa ena onse, ndipo yankho lathu silisintha: ndi yofunika, ndipo ndi mbali ya boyilayo, osati chowonjezera.

Moto wa nkhuni sutheka kuuzima ndi kuuyatsa ndi batani ngati wa gasi wa m'botolo. Mukalongedza chipinda n'kuyatsa, mphamvu yonse ili m'nkhunizo iyenera kupita kwinakwake m'maola anayi kapena asanu akubwerawo. Nyumba siingameze yonseyo nthawi imodzi. Popanda thanki, madzi amafika msanga pa malire, makina n'kuzimitsa fani kuti asawire. Fani ikaima, moto wapansi umafa, nkhuni n'kumangofuka mwakachetechete. Kufuka koteroko ndi kumene kumamata phula paliponse, ndipo nthunzi yake yowawasa imadya chitsulo mpaka boyila yoti ikanakhala zaka 20 n'kubooka isanafike theka la zakazo.

Thanki imamasula boyila kuti iyake mwamphamvu zake zonse kuyambira poyamba mpaka nkhuni kutha, komwe ndi kuyaka kwake kwabwino. Nyumba imatengapo zomwe ikufuna, zotsala zimasungidwa m'madzi. Moto ukazima, nyumba imayamba kuyamwa kuthanki usiku wonse, inu mukugona. Ena opanga maboyila salandira n'komwe dandaulo la boyila yoikidwa popanda thanki.

Thankiyo ikhale yaikulu bwanji?

Lamulo la ku Germany limafuna malita osachepera 55 pa kilowati iliyonse ya boyila yosonkhezera pamanja. Amisiri ambiri amakonda kupitirira apo, mpaka 70 kapena 100.

Mutha kudziwerengera nokha. Malita 1,000 a madzi akatsika ndi digiri imodzi amapereka mayunitsi 1.16. Akatsika kuchoka pa 85 kufika pa 45, ndi mayunitsi pafupifupi 46. Tsopano tiyerekeze kuti chipinda chanu chimalowa makilogalamu 40 a nkhuni zouma. Amenewo ndi mayunitsi 160, ndipo olowa m'madzi ndi pafupifupi 140. Ngati moto uyaka maola asanu ndipo nyumba ikudya mayunitsi 8 pa ola, yatenga 40, atsala 100. Kuti musunge 100 amenewo mufunika malita oposa 2,000 pang'ono, ndipo akutenthetserani nyumba maola enanso 12. Mukuona kuti malire a lamulo aja, omwe pa boyila yotere, ya makilowati 28, angapereke malita pafupifupi 1,500 okha, ndi poyambira chabe.

Nyumba yotenthetsedwa ndi mapaipi a pansi pa simenti imapindula koposa, chifukwa imakhutira ndi madzi a madigiri 30 mpaka 40. Thanki yomweyo imatha kuyamwidwa mpaka pansi, malita 1,000 n'kupereka mayunitsi oposa 60.

Chinanso chomwe ambiri sachidziwa: madzi otentha amayandama pamwamba pa ozizira osasakanikirana, bola asavundulidwe. Thanki yoimirira, yaitali, yokutidwa bwino, yolumikizidwa mapaipi molondola, imasunga madzi otentha kwambiri pamwamba ngakhale pansi pazizira. Pampu yothamanga mopitirira imavundula zonse, n'kukusiyirani thanki yodzaza madzi ofunda opanda ntchito. Ndipo musaiwale kulemera: malita 2,000 ndi matani awiri, pansi pake pakhale polimba. Madzi amafufumanso ndi 3 kapena 4 peresenti akatentha, choncho pamafunika chotengera chapadera cholandira kufufumako, chachikulu molingana ndi madzi onsewo.

Boyila yokha ndisankhe yaikulu bwanji?

Yambani ndi nyumba. Mmisiri awerengere kutentha komwe nyumba yanu imataya tsiku lozizira kwambiri. Kenako dzifunseni kuti mukufuna kuyatsa kangati patsiku. Pa boyila ya nkhuni, kukula kwa chipinda cholongedzamo n'kofunika kuposa nambala ya makilowati, chifukwa ndiko kumanena kuti moto umodzi ukupatsani mayunitsi angati. Boyila yokulirapo si vuto ngati thanki yakula nayo limodzi. Yaikulu pa thanki yaing'ono ndiyo imabweretsa mavuto tafotokoza aja.

Ngati denga ndi mawindo zikutaya kutentha, yambani mwakonza zimenezo. Boyila, thanki ndi mulu wa nkhuni zonse zichepa.

Imayatsidwa bwanji, ndipo imatenga nthawi yochuluka bwanji patsiku?

Yang'anani kaye thanki. Ngati ikadali yotentha, musayatse, kapena longedzani theka lokha. Kuzolowera kuyerekeza nkhuni ndi malo otsala m'thanki ndilo luso lalikulu la mwini boyila.

Palasani phulusa pa kabowo, makala otsala dzulo muwasonkhanitse pomwepo. Ikani tinkhuni ting'onoting'ono touma ndi pepala pang'ono, yatsani, fani ikuyenda. Maboyila ena ali ndi kachitseko kolola utsi kupita molunjika kuchumuni poyatsa, komwe mumakatseka moto ukagwira. Ena amangofuna kuti khomo laling'ono loyatsira likhale lotsegula kwa mphindi zochepa. Moto wapansi ukayamba kulira, longedzani zikuni mothinana, motsata utali wa chipinda, kuti zizitsika mosakodwa. Tsekani, muchoke. Zonse pamodzi ndi mphindi 10 kapena 15. M'nyengo yozizira kwambiri mungayatse kamodzi kapena kawiri patsiku, nyengo ikamafunda kamodzi pa masiku awiri kapena atatu.

Musamatsegule khomo lapamwamba moto uli pakati. Muli gasi wodzaza amene akangolandira mpweya amatha kuyaka mwadzidzidzi n'kukulavulirani moto kumaso. Ngati n'kofunikadi, tsegulani pang'ono kaye, dikirani kuti fani ikoke gasiyo, kenako mutsegule pang'onopang'ono mutaima pambali.

M'chipinda chapamwamba mwamata phula lakuda. Kodi boyila yawonongeka?

Ayi, phula lopyapyala, louma, m'makoma a chipinda chapamwamba ndi lachibadwa, popeza mmenemo ndi mopangira gasi. Loti likudetseni nkhawa ndi phula lonyowa, lotsika ngati uchi, kapena phula lopezeka m'chipinda chapansi, m'mapaipi ndi pa fani. Malo amenewo payenera kukhala phulusa lotuwa mbuu, lofewa ngati fumbi. Mukapezapo phula, onaninso mayankho a nkhuni ndi a thanki, kenako funso lotsatirali.

Mmisiri akuti pafunika valavu yosakaniza madzi obwerera. Ntchito yake n'chiyani?

Mu utsi wa nkhuni, ngakhale zouma, mumakhala nthunzi. Nthunziyo ikakhudza chitsulo chozizira imasanduka madzi ngati mame, ndipo madzi akewo ndi owawasa, amabweretsa dzimbiri. Madzi ochokera pansi pa thanki amatha kukhala a madigiri 30 okha, ndiye akalowa molunjika m'boyila makoma ake amachita thukuta m'kati.

Valavuyo imatenga madzi otentha otuluka m'boyila n'kuwasakaniza ndi obwerera, kuti olowa asatsike pansi pa madigiri 60 kapena 65. Poyatsa, madzi amangozungulira m'boyila momwemo mpaka itatentha, kenako valavu n'kuyamba kutsegulira thanki pang'onopang'ono. Chodziwika kwambiri cha mtunduwu ndi Laddomat ya ku Sweden, yomwe pampu ndi valavu zili pamodzi. Ndi kachipangizo kakang'ono poyerekeza ndi boyila, koma moyo wa boyila uli pa iko.

Magetsi akazima moto uli pakati, chimachitika n'chiyani?

Fani imaima, ndiye moto umafooka wokha. Koma pampu nayo imaima, pamene njerwa ndi makala zikadali zotentha kwambiri, choncho madzi ali m'boyila amatha kuwira. N'chifukwa chake maboyilawa amakhala ndi paipi yopotana m'kati mwake, yolumikizidwa ku madzi ozizira a pampopi kudzera pa valavu yosadalira magetsi. Madzi a m'boyila akafika cha pa madigiri 95, valavuyo imatseguka yokha, madzi ozizira n'kudutsa, kutenga kutenthako n'kukatayika kunja. Pamakhalanso valavu ina yophwetsa mphamvu ya madzi ikakwera.

Ngati madzi a panyumba panu amakokedwa ndi pampu yamagetsi, chitetezo choyambacho chimafa limodzi ndi magetsi. Muuzeni mmisiri zimenezi asanayambe ntchito. Fani ndi pampu sizidya magetsi ambiri, zonse pamodzi ndi mawati ochepera 200 pa maboyila ambiri a pakhomo, ndiye batire yokhala ndi inveta imatha kuziyendetsa mpaka moto utatha.

Kodi lambda ndi chiyani, ndipo ndi yoyenera kulipirira?

Ndi kachipangizo kokhala m'njira ya utsi, kofanana ndi kamene kali pa ekizozi ya galimoto, koyeza okosijeni wotsala mu utsi. Akachepa, ndiye kuti gasi wina akutuluka wosapsa. Akachuluka, ndiye kuti mpweya wowonjezera ukungoziziritsa moto ndi kunyamula kutentha kupita nako kuchumuni. Makina amawerenga zimenezi n'kumatsegula kapena kutseka tizitseko ta mpweya woyamba ndi wachiwiri nthawi yonse imene moto ukuyaka.

Boyila yopanda lambda imayaka bwino ndithu ngati nkhuni zanu ndi za mtundu umodzi ndipo munaitchera bwino poyamba. Ngati nkhuni zanu zimasinthasintha, lero zolimba mawa zofewa, lambda imakuchotserani ntchito yaikulu. Chimene singathe ndi kuumitsa nkhuni.

Imafuna chisamaliro chotani?

Phulusa ndi lochepa modabwitsa, pafupifupi kilogalamu imodzi pa makilogalamu 100 a nkhuni. Chotsani la m'chipinda chapansi kamodzi kapena kawiri pa mlungu, muike m'ndowa yachitsulo yovundikira, panja, kutali ndi zoyaka, chifukwa khala limabisala m'phulusa masiku angapo.

Mapaipi odutsa mpweya wotentha ndiwo ofunika kuwayang'anira. Kafumbi kopyapyala kokha kamatchinga kutentha. Maboyila ambiri ali ndi chogwirira cha m'mbali chogwedeza tizitsulo topotana tija. Chikokeni kangapo nthawi iliyonse musanayatse. Chizindikiro chabwino ndi kutentha kwa utsi: kukayamba kukwera kuposa masiku onse, nthawi ya burashi yakwana. Kamodzi pachaka chumuni chisesedwe, fani itsukidwe, zingwe zotsekera m'mphepete mwa zitseko ziyang'anidwe ngati zikutulutsa mpweya, ndipo mavalavu a chitetezo ayesedwe. Njerwa ya pa kabowo imadyeka ndi moto ndipo imasinthidwa pakapita zaka zingapo. Musamaponye zikuni mwamphamvu pamwamba pake.

Nkhuni n'zouma koma moto wapansi ukuzimazima. Vuto lingakhale chiyani?

Kawirikawiri ndi nkhuni zokodwa. Zapansi zimanyeka n'kusiya mphako pamwamba pa kabowo, zapamwamba zitapingasa osatsika. Gasi ndiye sadutsanso m'makala. Zimachitika ndi zikuni zazitali mopitirira, zokhota kapena zamphanda. Zina zoyenera kuona ndi kabowo kotsekeka ndi phulusa, timabowo ta mpweya wachiwiri tomatika, ndi chipinda cha boyila chotsekedwa kwambiri moti mpweya wakunja sukulowa. Boyila imapuma, ndiye chipinda chake chikhale ndi bowo lolowera mpweya lomwe silitsekedwa ngakhale kuzizire bwanji.

Nanga utsi kwa oyandikana nawo nyumba, ndi thanzi la a m'nyumba?

Boyila yoyaka bwino imafuka kwa mphindi zochepa poyatsa, kenako pachumuni sipaoneka kanthu, kapena pamaoneka nthunzi yoyera yomwe imazimirira pafupi pomwepo kukazizira. Utsi wotuwa kapena wabuluu wopita patali ndi uthenga woti china chake chalakwika. Komabe tinene zoona: tifumbi tosaoneka ndi maso timatulukabe, tochepa kwambiri poyerekeza ndi ta ng'anjo zakale koma toposa ta boyila ya gasi. M'malo othinana nyumba nkhani imeneyi si yaing'ono, ndipo mizinda ina imaletsa kapena kuchepetsa kuwotcha nkhuni. Ku Ulaya maboyila amayezedwa ndi muyezo wa EN 303-5, pomwe kalasi 5 ndiyo yaukhondo koposa, ndipo kuyambira mu 2020 malamulo a European Union anakhwimitsa malire a utsi pa maboyila atsopano. Ku United States bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA nalonso linakhwimitsa malire ake chaka chomwecho.

Za m'nyumba, kumbukirani kuti gasi amene boyilayi imapanga mwadala ali ndi carbon monoxide wambiri, yemwe saoneka, sanunkha, koma amapha. Ikani alamu yomuzindikira pafupi ndi chipinda cha boyila ndi ina kufupi ndi zipinda zogona. Boyila yokhala ndi fani yokoka, ya kumbuyo kwa moto, ili ndi ubwino pamenepa kuposa ya fani yopemerera, chifukwa pakakhala mpata pa chitseko mpweya umalowa m'kati m'malo moti gasi atuluke.

Ndani amene boyila yotere siingamuyenere?

Amene alibe malo. Pafunika chipinda cha boyila, malo a thanki imodzi kapena ziwiri zotalika kuposa munthu, ndi bwalo losanjapo nkhuni za zaka ziwiri. Siimuyeneranso munthu woyendayenda, chifukwa thanki ikazizira palibe woyatsa, ndipo kumalo kogwa chisanu choopsa mapaipi amatha kuphulika madzi akaundana. Ambiri amaikanso chotenthetsera china chamagetsi kapena cha gasi chodzidzutsa chokha zikatero, ndipo alipo maboyila ophatikiza omwe nkhuni zikatha amayamba okha kuwotcha timibulu ta utuchi.

Ganiziraninso za thupi lanu zaka 15 zikubwerazi. Walira mvula walira matope: nyumba yapakatikati kumalo ozizira imadya matani angapo a nkhuni pachaka, ndipo chikuni chilichonse chimadutsa m'manja mwanu kangapo, podula, powaza, posanja, potuta ndi polongedza. Ena ntchito imeneyi amaikonda ndipo amaiyembekezera chaka ndi chaka. Ngati nkhuni muzichita kugula zowaza kale ndi zouma, werengerani bwino mtengo wa yuniti imodzi ya kutentha musanasankhe, chifukwa phindu lalikulu la boyilayi limapita kwa amene ali ndi nkhalango yakeyake yoidzala ndi kuisamalira, kapena amene amapeza mitengo pafupi pa mtengo wotsika.